Kukana mayina a ndale popanda kutaya maziko a moyo

Funso: Ndatopa ndi kufunsidwa kuti ndili mbali iti. Ndikangogwirizana ndi mfundo imodzi ya gulu lina, anthu amandiwerengera m'gulumo ndipo amayembekeza kuti ndivomereza zonse zimene gululo limanena. Ndikufuna kumayendera nzeru zanga, popanda dzina la chipani kapena chiphunzitso chimene munthu saloledwa kuchifunsa. Koma mnzanga wina wandiuza kuti munthu wotere alibe poima, ndi wamantha chabe. Kodi moyo wotere ndi wotheka, nanga ndiyambire pati?

Yankho: Ndi wotheka ndithu, koma ntchito yake ndi yolemera kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo mawu a mnzanuwo musawataye onse. Kusiya dzina la chipani n'kosavuta, mukhoza kutero lero lomwe. Chovuta n'chakuti dzinalo limakugwirirani ntchito zitatu mwakachetechete. Limakuuzani zoti mukhulupirire pa nkhani zimene simunazifufuze, limakusankhirani anthu oti muziwamvera, komanso limakupatsani anzanu. Mukalitaya musanapeze china chogwira ntchito zitatuzi, mumabwerera komwe munali, koma ulendo uno simudziwa kuti mwabwerera. Choncho chimene mukusowa ndi njira yoyendetsera maganizo anu, ndipo ndi imeneyo ndikufuna tikambirane.

Muli ndi chifukwa chomveka chokayikirira mayinawa. Mawu akuti akumanzere ndi akumanja anayamba ku France mu 1789, pamene aphungu ofuna kuteteza mphamvu za mfumu anakhala kudzanja lamanja la wapampando wa nyumba ya malamulo, ofuna kuzichepetsa n'kukhala kumanzere. Kuchokera nthawi imeneyo zimene zili mkati mwa mayinawa zakhala zikusinthasintha. Otto von Bismarck, mtsogoleri wa Germany amene ankadana kwambiri ndi a sosholizimu, ndiye anakhazikitsa inshuwalansi ya umoyo ya anthu apantchito mu 1883 ndi penshoni ya okalamba mu 1889, zinthu zimene lero ambiri amati ndi za akumanzere. Chipani cha Republican ku America chinkateteza misonkho yokwera ya katundu wochokera kunja m'zaka za m'ma 1800, pofika m'ma 1980 chinali cholimbikitsa malonda omasuka, ndipo kuyambira 2016 chabwereranso ku misonkho. Ku America munthu wotchedwa liberal amawerengedwa kumanzere, pamene ku Australia chipani cha Liberal ndicho chachikulu cha kumanja. Mfundo zimene chipani chimanyamula pamodzi zinamangidwa ndi migwirizano yofuna mavoti. Palibe lamulo la nzeru limene limati munthu wofuna msonkho wochepa ayeneranso kugwirizana ndi chilango cha imfa. Ngati mupeza kuti pa nkhani khumi zosagwirizana mukuvomerezana ndi gulu limodzi pa zonse khumi, n'kutheka kwambiri kuti zina mwa izo simunaziganizire nokha.

Mphamvu ya gulu ndi yaikulu kuposa mmene timamvera mumtima. Mu 1971 Henri Tajfel ndi anzake anafalitsa kafukufuku amene anachita ndi anyamata a sukulu ku Bristol. Anawaonetsa zithunzi za ojambula awiri, Paul Klee ndi Wassily Kandinsky, n'kuwauza kuti awagawa m'magulu potengera wojambula amene aliyense wamukonda, chikhalirecho anangowagawa mwachisawawa. Anyamatawo sankadziwa n'komwe kuti m'gulu lawo muli ndani. Atapatsidwa mwayi wogawira ena tindalama, anakondera a gulu lawo, ndipo kawirikawiri ankalolera kuti akwawo alandire zochepa bola aposa a gulu linalo. Mu 2003 Geoffrey Cohen anapatsa ophunzira a ku yunivesite ku America ndondomeko zothandizira anthu osauka, ina yowolowa manja, ina youma. Akauzidwa kuti chipani chawo chikuichirikiza, ankaivomereza ngakhale ikhale yosemphana ndi zimene iwo amakhulupirira. Atafunsidwa, anakana kuti chipani chawakopa, koma ankati anthu a mbali inayo ndi amene amakopeka motero.

Kudzitcha wopanda mbali sikuchiritsa matendawa. Bungwe la kafukufuku la Pew linapeza mu 2019 kuti pa anthu 100 alionse a ku America, 38 ankati alibe chipani, koma 7 okha ndi amene sankapendekera ku chipani chilichonse. Otsalawo ankaganiza ndi kuvota mofanana kwambiri ndi anthu a chipani chimene amapendekerako. Dzina analitaya, kukondera kunatsala.

Tsopano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene mnzanu wazisakaniza. Chimene chimapangitsa chikhulupiriro kukhala chomanga si kulimba kwake. Munthu akhoza kukhulupirira chinthu ndi mtima wonse koma ali womasuka. Chikhulupiriro chimakhala chomanga pamene mwini wake sangathe kutchula chinthu chimene chingamusinthe maganizo, ndipo wofunsa amalangidwa m'malo moyankhidwa. Ku Soviet Union, katswiri wa zaulimi Trofim Lysenko anakana sayansi ya majini (genes), tinthu timene zamoyo zimatengera chibadwa kwa makolo awo, ndipo mu 1948 boma linalamula kuti maganizo ake ndiwo aziphunzitsidwa. Akatswiri otsutsa anachotsedwa ntchito, ndipo Nikolai Vavilov, katswiri wamkulu wa mbewu, anali atafera kale m'ndende mu 1943. Yerekezani ndi zimene zinachitika pa matenda a zilonda zam'mimba. Madokotala ankakhulupirira kwambiri kuti zimabwera chifukwa cha nkhawa ndi asidi wambiri. Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anati choyambitsa ndi mabakiteriya, ndipo poyamba ananyozedwa, mpaka mu 1984 Marshall anamwa mabakiteriyawo kuti asonyeze kuti amadwalitsa. Umboni utachuluka madokotala anasintha chithandizo, ndipo awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Mbali zonse ziwiri munali anthu otsimikiza zolakwika. Kusiyana kwake kunali kwakuti kwina kunali khomo lolowera umboni.

Ntchito yeniyeni iyambireni pa kope. Lembani mfundo 20 zimene mumazikhulupirira pa za moyo, za chipembedzo, za chuma ndi za kayendetsedwe ka dziko. Mfundo iliyonse ikhale chiganizo chathunthu chimene munthu wina angachitsutse. Kulemba kuti "ndimakhulupirira ufulu" n'kopanda ntchito chifukwa aliyense angavomereze. Lembani kuti "boma lisatseke nyuzipepala chifukwa chodzudzula atsogoleri, ngakhale nyuzipepalayo ikulakwitsa." Pambali pa mfundo iliyonse lembani kumene munaitenga: kwa makolo, kwa mphunzitsi, kumpingo, kwa anzanu, pa intaneti, kapena pa zimene munaziona nokha. Kuti mfundo munaitenga kwa ena sikutanthauza kuti ndi yabodza, pajatu zambiri zimene tonse timadziwa tinachita kuuzidwa. Cholinga ndi kudziwa mfundo zimene munaziyesa ndi zimene munangolandira. Mukatero muzigawe m'milu inayi.

Mulu woyamba ndi wa malonjezo a khalidwe lanu, ndipo umenewu ndiwo yankho kwa mnzanu uja. Asapitirire asanu ndi awiri, chifukwa akachuluka simungawakumbukire pa nthawi yovuta. Lonjezo labwino limadziwika ndi zinthu zitatu. Madzulo mungathe kudziwa ngati mwaliswa kapena ayi. Kulisunga kumakutayitsani kanthu nthawi zina. Ndipo limagwira ntchito mofanana kwa mnzanu ndi kwa mdani wanu. Zitsanzo ndi izi: sindinamizira munthu ngakhale ndimadana naye, sindifalitsa nkhani imene sindinaitsimikize, munthu akamazunzidwa pamaso panga sindikhala chete, ndikalakwira munthu ndimapita kukamuuza ndekha. Malonjezowa muwagwire mwamphamvu. Mukhoza kuwasintha, koma musawasinthe pa tsiku limene akukuvutani, chifukwa pa tsiku limenelo mtima umapeza zifukwa zokoma zochitira chimene ukufuna kale. Ikani lamulo lakuti lonjezo limasinthidwa patatha mwezi umodzi kuchokera pamene mwalemba chifukwa chosinthira. Anthu ambiri okana ziphunzitso amagwera pamenepa: amamasula chilichonse, kuphatikizapo khalidwe, kenako "ufulu wa maganizo" umasanduka chilolezo chochita chilichonse chimene chawakomera.

Mulu wachiwiri ndi wa mfundo zonena za mmene dziko lilili, zimene umboni ungazitsimikize kapena kuzigwetsa. Izi musazigwire ngati malonjezo. Pa iliyonse lembani nambala yosonyeza kutsimikiza kwanu pa 100: 55 ngati mukungopendekera, 75 ngati umboni ukuoneka wolemera mbali imodzi, 95 ngati mungadabwe kwambiri itapezeka yabodza. Pansi pake lembani mzere umodzi wonena chimene mungachione kuti mutsitse nambalayo. Ngati mzere umenewu ukukanika kulembeka, mwapeza chiphunzitso chomanga chimene chili mwa inu, ndipo mwina simunadziwe kuti chilimo. Ubwino wa manambala ndi wakuti amakulolani kusintha pang'onopang'ono. Munthu wongodziwa "inde" ndi "ayi" amaona kusintha ngati kugonja, choncho amakakamira. Wochoka pa 80 kufika pa 65 sanagonje kwa aliyense.

Mulu wachitatu ndi wa nkhani za ndondomeko za boma, ndipo pano ndi pamene mikangano yambiri imatayikira chifukwa nkhani iliyonse yotere ili ndi mafunso awiri omatikizana. Titenge ya kukweza malipiro ochepetsetsa a anthu apantchito. Funso loyamba ndi la umboni: kodi malipirowo akakwera, ntchito zimachepa? Kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri a zachuma ankati inde. Mu 1992 boma la New Jersey ku America linakweza malipirowo kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola, pamene la Pennsylvania, loyandikana nalo, silinakweze. David Card ndi Alan Krueger anayerekeza malo ogulitsira zakudya pafupifupi 400 mbali zonse ziwiri, ndipo mu 1994 analemba kuti sanapeze kuti ntchito zachepa ku New Jersey. Akatswiri ena anatsutsa kawerengedwe kawo, ndipo mkangano ukupitirirabe, makamaka pa funso lakuti malipiro angakwere kufika pati ntchito zisanayambe kutha. Munthu woona mtima angalembe kuti kukweza pang'ono sikuchotsa ntchito zambiri, n'kuikapo 70, koma pa kukweza kwakukulu n'kuika nambala ina. Funso lachiwiri ndi la mtima: ngati anthu 95 alandira zambiri ndipo asanu ataya ntchito, kodi ndi malonda abwino? Limeneli kafukufuku sangakuyankhireni. Muliyankha ndi chikumbumtima chanu, ndipo munthu wanzeru zofanana ndi zanu akhoza kuyankha mosiyana. Mukazolowera kulekanitsa mafunso awiriwa mudzaona kuti nthawi zina mumakangana ndi munthu amene mukufuna naye zofanana koma mwawerenga umboni wosiyana, ndipo nthawi zina umboni ndi umodzi koma mukulemekeza zinthu zosiyana. Mkangano woyamba umatha ndi kuwerenga. Wachiwiri umangofuna kumvetsana.

Mulu wachinayi ndi wa nkhani zimene simunazifufuze, ndipo ngati mwachita moona mtima ndiwo udzakhale waukulu. Pali njira yachidule yodziwira zoyenera kulowamo. Mu 2002 Leonid Rozenblit ndi Frank Keil anafunsa anthu kuti adzipatse malikisi pa kumvetsa kwawo mmene zinthu monga zipi, chimbudzi chamadzi ndi makina osokera zimagwirira ntchito. Kenako anawapempha kuti afotokoze mwatsatanetsatane. Atayesa, anadzitsitsira okha malikisi. Zofananazi zapezekanso pa nkhani za ndale. Choncho musadzifunse kuti "n'chifukwa chiyani ndikugwirizana ndi lamuloli," pakuti zifukwa zoloweza zimabwera msanga. Dzifunseni kuti lamuloli likakhazikitsidwa, choyamba kuchitika n'chiyani, chachiwiri n'chiyani, adzalipira ndani, adzalizemba bwanji. Mukakakamira pa sitepe yachiwiri, nkhaniyo ipite ku mulu wachinayi. Simuli ndi ngongole ya maganizo pa nkhani iliyonse imene yatchuka sabata imeneyo.

Kusanja kukatha, pamafunika zizolowezi zosunga kopeyo yamoyo. Chothandiza kwambiri, m'kuona kwanga, ndi kulemba maganizo a amene mukutsutsana nawo m'mawu pafupifupi 200, mowalemba bwino kotero kuti mwini wake angasainire. Mukatha, mupatseni munthu amene amakhulupiriradi zimenezo kuti awerenge. Akanena kuti "ife sitinena choncho," ndiye kuti zimene mwakhala mukutsutsa ndi chithunzi chimene adani awo anakujambulirani. Cholakwika chofala pano ndi kuphunzira mbali inayo kudzera mwa anthu ake opusa kwambiri, amene makina a Facebook kapena X amakonda kukuonetsani chifukwa mkwiyo umakusungani pa foni. Funani woganiza bwino kwambiri wa mbali imeneyo ndipo muwerenge iye mwini.

Chachiwiri ndi chizolowezi cha Charles Darwin. Iye analemba m'mbiri ya moyo wake kuti akakumana ndi mfundo yotsutsana ndi maganizo ake ankailemba nthawi yomweyo, chifukwa anaona kuti mfundo zotere zimathawa m'mutu msanga kuposa zomukomera. Khalani ndi tsamba lotere kumapeto kwa kope. Chachitatu ndi kusinthanitsa mayina. Mukamva kuti mtsogoleri wina wachita chinyengo, musanalankhule lembani zimene mukananena akanakhala wa mbali imene mumaikonda. Mayankho awiriwo akasiyana, mwaona kumene mumapendekera, ndipo ndi bwino kukudziwa kusiyana ndi kudzinamiza kuti mulibe. Chachinayi ndi kulosera. Kumayambiriro kwa chaka lembani zinthu khumi zimene mukuyembekeza kuti zichitika, chilichonse ndi tsiku lake ndi nambala yake. Philip Tetlock anasonkhanitsa maulosi masauzande ambiri a akatswiri 284 a zandale ndi zachuma, ndipo mu 2005 anasonyeza kuti amene amafotokoza chilichonse ndi ganizo limodzi lalikulu ankalakwitsa kuposa amene amatenga nzeru uku ndi uku n'kumasintha umboni ukasintha. Ngati pa zinthu zimene munaziika pa 90 theka lokha ndi limene lachitika, tsitsani manambala anu onse.

Musathamange. Wanzeru wina wa ku Vienna, Otto Neurath, anayerekeza munthu wokonza maganizo ake ndi amalinyero okonza ngalawa ali pakati pa nyanja: amachotsa thabwa limodzi ataima pa ena onse. Nkhani imodzi pa mwezi ndi yokwanira, ndipo kopeyo muziibwereza kawiri pa chaka. Amene amagwetsa zonse nthawi imodzi amagwidwa ndi mantha, ndipo munthu wamantha amakakamira chiphunzitso choyamba chimene chamulonjeza mayankho onse. Musanataye lamulo limene munakulira nalo, yambani mwafufuza kuti linkateteza chiyani. Malamulo ena akale ndi nkhanza zovekedwa ulemu, koma ena ndi nzeru za anthu amene anapsapo, ndipo simungawasiyanitse pongoona kuti ndi akale.

Pali misampha inayi imene anthu oyenda njira imeneyi amagweramo, ndipo woyamba ndi wokopa kwambiri: kuganiza kuti choonadi chimakhala pakati nthawi zonse. Pakati pamasuntha. Mbali imodzi ikapita kutali, pakati pamatsatira, ndiye kuti anthu onyanyira ndiwo akukusankhirani poima. Komanso nkhani zina zilibe mbali ziwiri zolemera mofanana. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasonyeza mu 1950 kuti kusuta fodya kukugwirizana kwambiri ndi khansa ya m'mapapo, ndipo umboni unangochulukirachulukira. Kalata ya mkati mwa kampani ina ya fodya ku America, yolembedwa mu 1969, inanena mosabisa kuti kukayikitsa anthu ndiye malonda awo. Munthu amene ankati "tiyeni timve mbali zonse" pa nkhaniyi m'zaka zimenezo ankagwirira ntchito ogulitsa fodya osalipidwa. Woganiza payekha nthawi zina adzagwirizana kotheratu ndi chipani china pa nkhani inayake, ndipo asachite nazo manyazi.

Msampha wachiwiri ndi kutsutsa chilichonse chimene ambiri akunena. Wochita zimenezi amadziona ngati mfulu, koma khamu likumulamulirabe, amangoyenda chobwerera. Wachitatu ndi kupeza mphunzitsi watsopano amene uthenga wake ndi wakuti "musakhulupirire aliyense." Muzimuyesa ndi mafunso awa: kodi anavomerapo poyera kuti analakwitsa? Kodi amapeza phindu mukamukhulupirira? Kodi ulosi wake ukalephera amatani? Leon Festinger ndi anzake analowa m'kagulu kena ka ku Chicago kamene kankayembekeza chigumula pa 21 Disembala 1954. Tsikulo litadutsa popanda kanthu, odzipereka kwambiri sanasiye, anati chikhulupiriro chawo chapulumutsa dziko, n'kuyamba kulalikira mwamphamvu kuposa kale. Munthu akaluza zambiri chifukwa cha chikhulupiriro, kuchisiya kumamupweteka kuposa kuchiwonjezera.

Apa ndinenepo za akatswiri, chifukwa ambiri amasokoneza kuganiza pawekha ndi kudziwa zonse wekha. Simungayese nokha mankhwala alionse kapena kuwerengera nokha kulimba kwa mlatho. Ufulu wanu uli pa kusankha mwanzeru woti mumukhulupirire. Onani ngati munthuyo akulankhula za ntchito yake yeniyeni, ngati akatswiri a mayiko osiyana ndi a zolinga zosiyana akugwirizana naye, ndiponso ngati ntchito yawo ili ndi njira yogwirira zolakwa. Dokotala akamanena za mmene katemera amagwirira ntchito m'thupi, mawu ake ndi olemera kuposa anu. Akamanena za chimene chili chofunika kwambiri m'moyo wa munthu, muli pa mlingo umodzi.

Msampha wachinayi ndi kukayika kosatha, ndipo umenewu ndi umene mnzanu akuuopa. Funso lake ndi lakale. Anthu ankafunsa anzeru okayika a ku Greece kuti munthu wosatsimikiza kanthu angadzuke bwanji n'kuchita chilichonse. Carneades, amene ankatsogolera sukulu ya Plato ku Athens m'zaka za m'ma 100 Yesu asanabadwe, anayankha kuti munthu amachita motsatira chimene chikuoneka chokhutiritsa kwambiri atachiyesa, ndipo nkhani ikakhala yaikulu amachiyesa mozama. Yankho limeneli likadali labwino. Ngati muli pa 70, chitani monga munthu amene ali pa 70: sankhani, koma siyani mpata wobwerera. Kumene chosankha chingabwezedwe, sankhani msanga. Kumene sichingabwezedwe, monga kusiya ntchito, kuthetsa banja kapena kuneneza munthu poyera, dikirani umboni wolemera. Ndipo dziwani kuti kusasankha nakonso kumakomera wina. Wamphamvu akamapondereza wofooka, kukhala chete kwanu kumathandiza wamphamvuyo, ngakhale inu mukutcha kuti kusalowerera.

Simunatchule ngati ndinu wopembedza, koma ambiri ofunsa funso lotere amaopa kuti njira imeneyi iwachotsa pa chikhulupiriro chawo. Sizili choncho kwa aliyense. Al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu wachisilamu amene anamwalira mu 1111, anaona ali wamng'ono kuti ana a Akhristu amakula Akhristu, ana a Ayuda amakula Ayuda, ana a Asilamu amakula Asilamu, ndipo zimenezi zinamuchititsa kukana kungotsanzira. Anafufuza kwa zaka zambiri, mu 1095 anasiya udindo wake wapamwamba ku Baghdad, ndipo anamwalira ali wokhulupirira. Ena amafufuza chimodzimodzi n'kuchoka. Njirayi sikuuzani kumene mukathere. Chimene imafuna ndi chakuti ngati mukhulupirira chinthu chimene umboni sungachifikire, mudziwe kuti ndi chikhulupiriro, musachikakamize pa ena ndi mphamvu za boma, ndipo chisakuchititseni kuswa malonjezo a mulu woyamba aja.

Pa chisankho, votani. Kuvotera chipani sikukusandutsani wake. Sankhani nkhani zitatu kapena zinayi zimene udindo umene ukupikisanidwawo ungazisinthedi, muzisanje kuyambira yofunika kwambiri, ndipo muyese opikisanawo ndi zimene anachita kale kuposa zimene akulonjeza. Pamwamba pa zonsezo ikani funso limene wanzeru wina, Karl Popper, anatsindika mu 1945. Iye anati m'malo mofunsa kuti woyenera kulamulira ndani, tizifunsa kuti wolamulira woipa tingamuchotse bwanji popanda kukhetsa magazi. Wopikisana amene savomera kugonja, amene amanyoza makhoti kapena kuopseza atolankhani, musamuvotere ngakhale mukugwirizana naye pa nkhani zina zonse, chifukwa akalowa amatseka khomo limene inu mungadzafune kutulukira mukadzazindikira kuti munalakwitsa. Mukhozanso kugwira ntchito ndi gulu pa nkhani imodzi, monga kuteteza nkhalango kapena ufulu wa akaidi, mutanena kuyambira pachiyambi kuti mwabwera pa nkhani imeneyo.

Anthu akakufunsani kuti muli mbali iti, musayankhe kuti muli pamwamba pa zandale, chifukwa zimamveka ngati kunyoza ndipo si zoona. Afunseni kuti "pa nkhani iti?" Akatchula, nenani maganizo anu momveka, kulimba kwake, ndi chimene chingakusintheni. Munthu amene wanena kuti "pa chilango cha imfa ndimatsutsa chifukwa makhoti amalakwitsa ndipo wonyongedwa sabwerera, pa msonkho wa makampani sindinafufuze" sangatchedwe wamantha. Wanena zambiri kuposa amene wangotchula dzina la chipani. Ena adzakupatsanibe dzina. Asiyeni, simungawaletse, ndipo kulimbana ndi dzina lililonse limene mwapatsidwa kumadya nthawi yokambirana nkhani yeniyeni.

Pa ntchito zitatu zimene dzina linkakugwirirani, yovuta kupeza cholowa m'malo ndi ya anzanu, ndipo musaichepetse. Solomon Asch anasonyeza m'zaka za m'ma 1950 kuti munthu akaikidwa pakati pa gulu limene likupereka dala yankho lolakwika pa kutalika kwa mizere, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankagonjera gululo kamodzi kapena kuposa, ngakhale maso awo ankaona bwinobwino. Koma m'chipindamo mukakhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kunkatsika kwambiri. Choncho pezani anthu awiri kapena atatu, makamaka osagwirizana nanu pa zinthu zina zazikulu, amene mungawaonetse kope yanu. Muwasankhe poona ngati anasinthapo maganizo pa nkhani yofunika, ngati amatha kufotokoza bwino maganizo amene iwo sagwirizana nawo, ndiponso ngati angakuuzeni pamaso kuti mwaswa lonjezo lanu. Muzikumana kamodzi pa mwezi, aliyense abwere ndi nkhani imodzi, ndipo asanatsutsidwe, womutsutsayo ayambe wabwereza zimene wanena mpaka mwini wake avomere kuti wamvedwa.